Konkire wopopera m'ngalande ya m'thanthwe: kodi angayezedwe osamuboola?

Funso: "Ndimakhala ku Chinamwali ndipo ndine tekinishani pa kampani ina ya zomangamanga. Atituma kukayendera ngalande ya madzi yobooledwa m'thanthwe, yotalika mamita pafupifupi 200, yomwe mkati mwake anapoperamo konkire zaka zapitazo. Eni ake akufuna kudziwa ngati konkireyo adakali bwino, koma akanitsitsa kuti tisaboole paliponse. Abwana anga akuti tibwereke makina a radar kunja chifukwa amaonetsa zonse. Kodi n'zoona? Nanga ine ndiyambire pati?"

Achimwene, musanafunse n'komwe mtengo wa radar, pezani hamala yolemera pafupifupi kilogalamu imodzi, choko chambiri, tochi yowala bwino ndi tepi yoyezera. Abwana anuwo sakunama kuti radar ndi makina abwino. Pamene aphonya ndi pa mawu akuti "zonse". Palibe makina amene amaona zonse kuseri kwa konkire, ndipo mwa konkire yense amene ndamuyezapo, wopoperayu ndiye amapusitsa makina kwambiri.

Konkire wamasiku onse timamuthira m'matabwa, n'kumugwedeza ndi vaibureta kuti akhazikike. Wopopera, amene anthu a ntchitoyi amati shotcrete, alibe matabwa kapena vaibureta. Amadutsa m'paipi, mphepo ya kompuresa n'kumuponya pa thanthwe, ndipo liwiro lomwelo ndi limene limamutsendera. Anayambitsa nzeruyi ndi Carl Akeley ku Chicago mu 1907, munthu amene ntchito yake yeniyeni inali yokonza zikopa za nyama zoonetsa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale. Mainjiniya a ku Austria ndiwo anadzaisandutsa njira yochirikizira ngalande za pansi m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960. Chofunika kwa inu pa mbiriyi n'chakuti ubwino wa konkireyu uli m'manja mwa munthu amene anagwira paipi tsiku limenelo. Akaima patali kuposa mita imodzi kapena awiri, kapena akapopera mopendeka, miyala imanjanja n'kugwa pansi, ina n'kuunjikana m'makona yopanda simenti wokwanira. Akapopera pa zitsulo mosasamala, kuseri kwa chitsulo chilichonse kumatsala kamphako. Akapanda kutsuka fumbi pa thanthwe, kapena akapopera pamene pakuchucha madzi, konkire amauma bwinobwino koma osagwirana ndi mwala. Kunja kwake zonsezi zimaoneka chimodzimodzi: khoma lotuwa, lokakala.

Kusagwiranaku ndiko kumandisowetsa tulo kuposa china chilichonse. Konkire wochindikala masentimita 5 kapena 10 sasenza phiri. Ntchito yake ndi kumata thanthwe kuti timiyala tisayambe kusolokoka, pakuti kamodzi kakachoka tinzake timatsatira. Akangolekana ndi thanthwe, amene anali mthandizi amasanduka katundu. Chibenthu cha mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, chochindikala masentimita 10, chimalemera makilogalamu pafupifupi 230. Amenewo ndi matumba anayi ndi theka a chimanga ali lende pamwamba pa mutu wanu. Ndiye funso loyamba si lakuti konkireyo ndi wolimba bwanji, monga ambiri amathamangira kufunsa, koma lakuti wamatirira kapena ayi. Kuchindikala kumabwera pachiwiri, kulimba pomaliza.

Muyambe ndi maso. Tsukani khoma ngati lachita ndere ndi matope, kenaka lembani manambala pa mamita 5 alionse kuyambira pakhomo. Chilichonse chimene mwaona muchilembe ndi malo ake: pa mita yakuti, kudenga, kumanzere kapena kumanja. Popanda manambalawa lipoti lanu lidzakhala nthano, munthu wobwera pambuyo panu sadzatha kupezanso malowo. Ming'alu ing'onoing'ono yolukanalukana ngati matope a ku nyanja ya Chilwa ikaphwa, nthawi zambiri imangosonyeza kuti konkire anauma msanga osathiriridwa mokwanira. Mng'alu umodzi wautali woyenda motsatira denga, kapena umene mbali imodzi yatumphuka kuposa inzake, umenewo ndi wina: thanthwe kuseriko likuyenda. Lembani mzere pamene wathera, ikani deti, yezani kukula kwake, mudzauonenso pakatha miyezi itatu. Zoyera zolendewera ngati makandulo ndi laimu amene madzi akutsuka kuchokera mu simenti, ndipo madzi ochokera m'miyala yolimba ya m'mapiri, okhala ndi mchere wochepa, amatsuka laimuyu mwachangu. Mikwingwirima ya dzimbiri ikuuzani pamene madzi afikira zitsulo. Musaiwale nyengo. Inu a ku Zomba mukudziwa mmene phiri limakhetsera madzi mu February. Ngalande youma mu October itha kukhala yodontha paliponse miyezi inayi yotsatira, choncho lembani mwezi umene mwayendera.

Kenaka hamala. Amayi akamagula mphika wa dothi pa msika amaugogoda ndi chala: wabwino umalira kuti ngwee, wong'aluka umangoti phwa. Mmisiri aliyense amadziwanso pulasitala wolekana ndi njerwa pomugogoda. Nzeru yake ndi yomweyo. Konkire womatirira pa thanthwe amalira mokweza ndi mwachidule, hamala n'kudumpha m'manja. Wolekana amalira ngati ng'oma, ndipo mukagunditsa chikhatho china chapafupi mumamva kunjenjemera. Gogodani pa theka la mita lililonse, ndipo mukapeza polira ngati ng'oma, fupikitsani mpata mpaka mutapeza malire ake, muzungulize ndi choko. Mapu a malo ozungulizidwawo ndiwo chuma chenicheni cha ntchito yanu yonse.

Hamala ili ndi polekezera. Imamva bwino mpata umene uli pafupi, mkati mwa masentimita 10 kapena kucheperapo. Konkire akachindikala kuposa apo, mpata wa kuseri umabisala. Kamphako ka kuseri kwa chitsulo siimva. Komanso makutu amatopa: pofika madzulo paliponse pamamveka mofanana. Ine ndimafuna anthu awiri agogode chigawo chimodzi payekhapayekha, kenaka tiyerekeze mapu awo. Tsiku lina ndinapeza kuti mnyamata amene ndinamusiyira denga ankangogogoda pamene mkono wake ukufika ataima pansi, pakati penipeni pa denga osakhudza, pamene ndi pomwe konkire amalekana kawirikawiri chifukwa kulemera kwake kumamukokera pansi. Kulakwa kunali kwanga, sindinamupatse pokwera. Ku Japan, pa 2 December 2012, denga la mumsewu wa pansi pa phiri wa Sasago linagwera magalimoto ndipo anthu 9 anafa. Sanali konkire wopopera, anali maphale a konkire opachikidwa ndi mabauti, koma ofufuza anapeza kuti mabauti a pamwamba penipeni anali atatha zaka zoposa khumi osagogodedwa ndi hamala, ankangowayang'ana ali patali.

Wina adzakuuzani za hamala ya Schmidt, ija ya sipuling'i yoonetsa nambala, imene injiniya wa ku Switzerland Ernst Schmidt anapanga mu 1948. Pa khoma lokakala manambala ake amangobalalika. Muyenera kuyamba mwapala malowo ndi giraindala, ndipo ngakhale mutatero imangokuuzani za khungu la pamwamba, masentimita awiri kapena atatu. Ndi yothandiza poyerekeza chigawo china ndi chinzake. Musalembe mphamvu ya konkire mu lipoti kuchokera pa iyo yokha.

Tsopano radar ya abwana anu. Funso limodzi liyankhidwe kaye ndalama isanatuluke: kodi mu konkiremo muli tiwaya? M'ntchito zambiri za masiku ano, m'malo momanga ukonde wa zitsulo amasakaniza tiwaya tachitsulo tatifupi, makilogalamu 25 mpaka 40 pa kiyubiki mita imodzi. Radar imatumiza mafunde a wailesi, ndipo chitsulo chimawabweza onse. Tiwaya zikwizikwi tomwazikana paliponse timachititsa kuti chithunzi chingokhala chipwirikiti, ngati kuunika tochi mu nkhungu ya ku Ku Chawe m'mawa wa June. Kudziwa kwake n'kosavuta: yang'anitsitsani khoma, muona timadontho ta dzimbiri ndi tinsonga ta waya tobaya m'manja, kapena yendetsani maginito. Tiwaya ta pulasitiki sitisokoneza radar.

Tiyerekeze kuti mulibe tiwaya. Radar idzakuonetsani bwino kwambiri pamene pali zitsulo ndi mabauti a m'thanthwe, kutalikirana kwake ndi kuya kwake, ndipo idzatero mwachangu kuposa njira ina iliyonse. Idzakuonetsaninso malo a chinyontho ndi mphako zikuluzikulu. Koma makinawa sayeza masentimita, amayeza nthawi imene funde latenga kupita ndi kubwerera. Kuti nthawiyo isanduke kuchindikala pamafunika liwiro la funde mu konkire wanuyo, ndipo liwiroli limasintha ndi chinyontho. Mu mpweya funde limayenda masentimita 30 pa nanosekondi imodzi (gawo limodzi mwa magawo biliyoni a sekondi). Mu konkire wouma pafupifupi 12, mu wonyowa litha kutsika kufika pa 8. Funde lobwerera patatha mananosekondi atatu, wina aliwerenga kuti masentimita 18, wina 12, malingana ndi liwiro limene aika m'makina. Kusiyana kwa masentimita 6 kumeneko n'kumene kumalekanitsa ntchito yovomerezeka ndi yokanidwa. Njira yodalirika yopezera liwiro loona ndi kuboola pamalo angapo n'kuyeza ndi tepi. Mwaona mmene kuboola kwalowera kale, ngakhale tili pa radar.

Vuto lachiwiri ndi mpata wopyapyala. Konkire akalekana ndi thanthwe, mpatawo nthawi zambiri umakhala milimita imodzi kapena iwiri, pamene funde la radar ya 1.5 GHz (yotulutsa mafunde biliyoni imodzi ndi theka pa sekondi) mkati mwa konkire limatalika masentimita 6 kapena 7. Mpata wotero ukakhala wouma funde limaudumpha osauzindikira. Ukadzaza madzi umaonekako, chifukwa madzi amasiyana kwambiri ndi konkire pa kayendedwe ka mafundewa. Ndiye chinthu chimene mukuchiopa kwambiri ndi chimene radar imachiphonya mosavuta. Lachitatu ndi thanthwe lenilenilo. Phiri la Zomba ndi la miyala ya syenite ndi granite, ndipo ngati ngalande yanu ili m'mwala wa mtundu umenewu, kwa radar mwalawo ndi konkire n'zofanana ndithu, malire ake amaoneka mwa apo ndi apo. Simunanene kumene ngalandeyo ili, koma likulu la Geological Survey Department lili mu Zomba momwemo. Pitani mukapemphe mapu a miyala ya deralo musanapite. Chomaliza n'chooneka chaching'ono koma chimaononga ntchito: kagudumu ka radar koyeza mtunda kamadumphadumpha pa khoma lokakala. Anthu ozolowera amayala pulayiwudi yopyapyala n'kuyendetsa makina pamwamba pake.

Pa nkhani ya kumatirira, ine ndimakhulupirira kwambiri njira zogwiritsa ntchito kugunda ndi phokoso kusiyana ndi mafunde a wailesi, chifukwa phokoso silidumpha mpata wa mpweya ngakhale utakhala wa milimita imodzi yokha. Yodziwika ndi impact-echo, imene Nicholas Carino ndi Mary Sansalone anaikonza ku America m'zaka za m'ma 1980. Ndi hamala yomweyo, kungoti m'malo mwa khutu lanu pali kachipangizo komvera ndi kompyuta. Mumagunda khoma ndi kampira kachitsulo, funde limalowa, likakumana ndi mpata limabwerera, n'kumapita uku ndi uku, ndipo kompyuta imawerenga kuti likubwerera kangati pa sekondi. Mu konkire wabwino funde limayenda mamita pafupifupi 4,000 pa sekondi. Mpata ukakhala pa masentimita 20, mzere umene kompyuta imajambula uonetsa nsonga pafupi ndi 9,600 Hz, kutanthauza kubwerera ka 9,600 pa sekondi. Ukakhala pa masentimita 10, pafupi ndi 19,200 Hz. Chimene chimasokoneza ongoyamba kumene ndi ichi: konkire akamatirira bwino pa mwala wolimba, funde limangopitirira kulowa m'phiri osabwerera, kompyuta osaonetsa nsonga yooneka. Iwo amaganiza kuti makina afa kapena agunda molakwika, chonsecho kukhala chete kumeneko ndiwo uthenga wabwino. Nsonga yooneka bwino, yakuthwa, ndiyo iyenera kukudetsani nkhawa. Kuipa kwa njirayi n'kwakuti malo alionse muyenera kuwapala kaye kuti kachipangizo kagunde bwino, ndipo konkire wopyapyala kuposa masentimita 10 amavuta kuwerenga. Koma pamenepo hamala yanu ija imagwira kale ntchito. Zida ziwirizi zimalandirana: pamene ina yalekezera inzake yayambira.

Palinso makina ofanana ndi sikani ija amayezera amayi oyembekezera ku chipatala. Otchuka ndi a MIRA, okhala ndi timano 48 togunda khoma popanda kupaka mafuta, ndipo amajambula chithunzi cha mkati chooneka ngati chodulidwa ndi mpeni. Amapeza mphako kuseri kwa zitsulo ndipo tiwaya sitiwasokoneza ngati mmene tichitira ndi radar. Koma amayeza kachigawo kakang'ono nthawi imodzi, munthu atawakanikiza ndi manja awiri, ndipo pa khoma la mabampu timano tina sitigunda. Si oyendera nawo mamita 200. Ndi a pamalo khumi kapena makumi awiri amene akukukayikitsani.

Kamera yoona kutentha musaivutikire. Imadalira kuti khoma litenthe ndi kuzizira, pamene mkati mwa ngalande kutentha kumakhala kumodzimodzi usana ndi usiku. Imathandiza pafupi ndi khomo ndi posaka pamene pakulowa madzi, basi. Makina a laser ojambula maonekedwe a ngalande ndi abwino zedi pa ntchito yatsopano: kujambula thanthwe musanapopere, kujambulanso mutapopera, kusiyana kwake ndiko kuchindikala, popanda bowo ngakhale limodzi. Kwa inu mwayi umenewo unapita, pokhapokha ngati omangawo anasiya zolemba. Zisakeni ndithu. Ku bwalo la ndege la Heathrow ku London, ngalande za sitima zochirikizidwa ndi konkire wopopera zinagumuka mu October 1994 zikumangidwa. Palibe anafa, koma kafukufuku anapeza kuti konkire wa pansi anali woperewera kwambiri m'malo ena, ndipo miyezo yosonyeza kuti nthaka ikuyenda inalipo, kungoti panalibe woilabadira mokwanira.

Tibwere kwa eni ngalande amene akukana kuboola. Mantha awo ndi omveka, makamaka poti ndi njira ya madzi. Koma muwafotokozere mwaulemu kuti kuyeza kosaononga kumachepetsa mabowo, sikuwathetsa. Popanda njirazi mukanaboola mwachisawawa malo makumi angapo n'kuphonyabe oipawo. Ndi mapu a choko m'manja, pa mamita 200 ine ndikanapempha zibenthu zobulungira 6 mpaka 10, zodulidwa ndi makina a core, amene amaboola mozungulira n'kutulutsa chibenthu chathunthu: ziwiri pamene zida zonse zikuti n'pabwino, zingapo pamene zikuti n'poipa, zotsalazo pamene zida zikutsutsana. Za pamalo abwinozo musazisiye poganiza kuti n'kutaya nthawi, ndizo zimatsimikiza kuti khutu lanu ndi makina anu akunena zoona. Dulani mpaka mulowe m'thanthwe masentimita angapo. Chibenthu chikatuluka konkire ndi mwala zili chimodzi, funso la kumatirira layankhidwa pamaso pa aliyense. Chikatuluka chogawanika, yang'anani pogawanikapo: pakakhala poyera ndi patsopano mwina makina ndiwo athyola, pakakhala dothi, dzimbiri kapena laimu, mpatawo ndi wakale. M'mbali mwa chibenthu muonanso mizere ya mchenga ndi timphako tosonyeza mmene wopopera uja anagwirira ntchito. Zina mwa izo zipite ku labotale zikaphwanyidwe kuti mudziwe mphamvu yake. Funsani ku yunivesite ya MUBAS ku Blantyre kapena ku Malawi Bureau of Standards. Pongofuna kuchindikala, bowo la dirilo la mamilimita 12 mpaka 16 ndi lokwanira, ndipo kamera ija ya pa chingwe yolumikiza ku foni imaona bwino m'bowo lotero. Mabowo onse mutseke tsiku lomwelo ndi matope a simenti osafota pouma, mutatsuka ndi kunyowetsa mkati mwake. Akatsekedwa bwino sadontha.

Za moyo wanu sindingazisiye. Geti lolowetsa madzi litsekedwe ndi loko wanu, kiyi ali m'thumba mwanu, osati pa lonjezo la mlonda. Mpweya uyezedwe musanalowe, chifukwa m'ngalande yotsekeka muli matope owola mpweya wabwino umachepa popanda fungo lochenjeza. Mulowe awiri, wachitatu atsale pakhomo, ndipo kumtunda kukachita mdima wa mvula tulukani. Pogogoda denga yambirani pakhomo kulowa mkati, mutaima pansi pa malo amene mwayeza kale, hamala ikugunda kutsogolo kwanu, osati pamwamba pa chipewa. Mukapeza chigawo chachikulu cholira ngati ng'oma chokhala ndi ming'alu m'mbali mwake, musapitirire pansi pake kuti mumalize tsiku. Bwererani mukanene.

Abwana akaumirirabe za radar ndipo mwapeza kuti mulibe tiwaya, ibwere, koma ibwere ndi munthu wake amene anayezapo konkire wopopera, osati pansi pa nyumba pokha. Mumufunse kuti liwiro la funde adzalipeza bwanji. Akayankha kuti makina amadziwa okha, sakani wina. Abwere mutamaliza kale mapu a choko, kuti masiku ake odulawo athere pa malo okayikitsa, ndipo asiye mafayilo onse a miyezo, osati zithunzi zokongola za mu lipoti zokha. Mukapeza kuti tiwaya tilimo, ndalama imeneyo igule masiku awiri a makina a core ndi sikafodi ya magudumu yoti munthu wa hamala afike pakati pa denga ataima bwinobwino.